Maphunziro a makhalidwe m'sukulu za m'Malawi: kumene achokera ndi kumene akulowera

Maphunziro a makhalidwe ndi mbali ya maphunziro imene imalangiza mwana za chabwino ndi choipa, za ulemu, chilungamo, kukhulupirika ndi udindo wake kwa anthu ena. M'sukulu za m'Malawi mulibe phunziro limodzi losenza ntchito yonseyi palokha. Ntchitoyi idagawidwa m'maphunziro angapo, monga Bible Knowledge, Religious and Moral Education, Life Skills ndi Social Studies, ndipo mbali ina ili m'malamulo a pasukulu ndi m'mawu amene mphunzitsi wamkulu amalankhula pa asembule m'mawa. Pulogalamu ya lero ikulondola mbiri ya maphunziro amenewa, ndipo ikhalitsa m'boma la Chiradzulu, chifukwa dera lochokera ku Milepa kukafika ku Magomero, Mbombwe ndi Nguludi lidaona pafupifupi mtundu uliwonse wa sukulu umene udakhalapo m'dziko muno.

Sukulu zisanabwere, mwana ankaleredwa ndi mbumba yonse. Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, amene ndi mitundu ikuluikulu ya m'bomali, amawerengera mtundu kuchikazi, choncho munthu wa mawu omaliza pa mwana ankakhala malume ake, mwinimbumba, kuposa bambo womubereka. Agogo ankaphunzitsa ndi nthano ndi miyambi madzulo. Mwana wamwano ankadzudzulidwa ndi wamkulu aliyense wokumana naye panjira, ndipo makolo ake akamva ankapita kukathokoza, osati kukayamba mlandu.

Pachimake pa malangizo onsewa panali chinamwali. Kwa Ayao anyamata amapita ku jando ndipo atsikana ku nsondo, ndipo Alhomwe ndi Amang'anja ali ndi zinamwali zawo. Kusimba kumakhala ngaliba, nakanga, anankungwi ndi aphungu, aliyense ndi ntchito yake. Namwali amauzidwa kuti asalowenso kuchipinda kwa makolo ake, azilandira chinthu ndi manja awiri, azipatukira wamkulu panjira, azisunga chinsinsi, azipirira, ndipo maliro akagwa m'mudzi asamadikire kutumidwa. Mphamvu ya maphunziro amenewa idagona poti mudzi wonse unkadziwa zimene mwanayo wauzidwa. Akatuluka, aliyense ankatha kumufunsa ngati adavinidwa kapena ayi, ndipo funso limenelo linkaluma koposa chikoti. Koma kusimba sikunali malo ofunsirako mafunso. Namwali ankalandira mwambo osayankha, ndipo pamodzi ndi malangizo abwino munkalowa zina zoika moyo pachiswe, monga kusasa fumbi, kumene kumakankhira mwana wamng'ono ku zogonana. Mafumu ambiri lero adaletsa mchitidwewu m'malamulo a m'madera awo.

Sukulu ya mabuku idafika ndi amishonale. Mu Julayi 1861 gulu la Universities' Mission to Central Africa, lotsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, lidakhazikika ku Magomero mothandizidwa ndi David Livingstone, n'kuyamba kuphunzitsa ana amene adawalanditsa kwa ogula akapolo. Ntchitoyo sidakhalitse. Mackenzie adamwalira mu Januwale 1862 ndipo otsalawo adasamukira kuchigwa cha Shire. Sukulu zokhazikika zidayamba ndi mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875 ndi ya Blantyre mu 1876. Mpingo wa Dutch Reformed udafika ku Mvera mu 1889, ndipo ansembe Akatolika a chipani cha Montfort, amene adayambira ku Nzama mu 1901, adatsegula mishoni ya Nguludi mu 1903.

Kwa amishonale, kuwerenga ndi makhalidwe zinali chinthu chimodzi. Sukulu ya m'mudzi inkakhala kanyumba kofolera ndi udzu, kamene Lamulungu kankasanduka tchalitchi, ndipo mphunzitsi yemweyo ndiye ankalalikira. Ana ankayamba ndi pemphero, kenako kuloweza katekisimu, kenako masileti. Mowa, mitala, magule ndi chinamwali zinkawerengedwa kuti n'zachikunja, ndipo mphunzitsi akapezeka pamowa ntchito inkathera pomwepo. Mwana wa nthawi imeneyo ankakula ndi malamulo awiri osagwirizana, la kusimba ndi la kumishoni, ndipo ambiri ankasunga onse awiri mwakachetechete. Patapita zaka mipingo ina idaona kuti chinamwali sichitha ndi kuletsa, n'kuyambitsa chilangizo chawochawo chochitikira patchalitchi. Amishonale nawonso sadali oyera m'manja nthawi zonse. M'zaka zoyambirira za mishoni ya Blantyre anthu ankakwapulidwa koopsa pa milandu ya kuba, mpaka nkhaniyo idatuluka poyera ku Britain mu 1880, atsogoleri a mishoniyo n'kuchotsedwa, ndipo David Clement Scott adabwera mu 1881 kudzayambanso mwatsopano.

Asilamu adaima patali ndi sukulu zimenezi, ndipo chifukwa chake chinali chomveka. Mwana wolowa sukulu ya mishoni kawirikawiri ankatulukamo atabatizidwa ndi dzina lina. Makolo ambiri Achiyao adasankha kutumiza ana ku madrasa, kumene mwalimu kapena shehe ankaphunzitsa Korani, mapemphero, ukhondo ndi ulemu. Ana amenewo adasunga chipembedzo chawo koma adatsalira pa maphunziro opezera ntchito, ndipo bala limenelo lidatenga mibadwo kuti liyambe kupola. Mikangano ya masiku ano yokhudza phunziro lachipembedzo m'sukulu mizu yake ili pamenepa.

Nkhani yofunika kuimva bwino m'mbiri yonseyi idachitikira ku Mbombwe, m'boma lomweli la Chiradzulu. John Chilembwe adapita ku America ndi mmishonale Joseph Booth mu 1897, adaphunzira zaubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo atabwerako mu 1900 adayambitsa Providence Industrial Mission (PIM). Pofika mu 1912 sukulu za PIM zinali ndi ana pafupifupi 1,000. Makhalidwe amene ankaphunzitsidwa kumeneko poyamba ankaoneka ngati a mishoni ina iliyonse: kugwira ntchito molimbika, kupewa mowa, ukhondo, kuvala bwino. Mayi Ida Chilembwe ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka. Koma pansi pa zonsezi panali phunziro lina limene mishoni za Azungu sizinkalikweza kwambiri, lakuti munthu wakuda ndi munthu wathunthu, woyenera kudzilemekeza ndi kulemekezedwa. Pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi Mzungu aliyense panjira, mwana wa ku Mbombwe wovala mwaudongo ndi wodziwa kuwerenga anali kale funso kwa atsamunda.

Eni minda adaliona funsolo msanga. Pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene anthu ankagwira thangata, kapitawo wamkulu William Jervis Livingstone sankalola sukulu, ndipo matchalitchi a udzu a PIM omangidwa pamalowo ankatenthedwa. Pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe adaukira. Livingstone adaphedwa, mishoni ya Nguludi idatenthedwa, ndipo pa 3 Febuluwale Chilembwe naye adaphedwa. Boma lidagwetsa tchalitchi cha ku Mbombwe ndi kutseka PIM mpaka mu 1926, pamene Dr Daniel Malikebu adadzaitsegulanso. Pa kafukufuku amene adatsatira, Azungu ambiri a m'minda adaloza chala maphunziro a mishoni, ponena kuti akuchititsa anthu akuda mwano. Kuyambira pamenepo funso lidakhala poyera, ndipo silidachokepo mpaka lero: kodi sukulu ikamaphunzitsa makhalidwe ikufuna mwana womvera chabe, kapena mwana wodziwa kusiyanitsa chilungamo ndi nkhanza ngakhale nkhanzazo zikuchokera kwa wolamula?

Boma la atsamunda lidasankha mbali yoyamba ija. Bungwe la Phelps-Stokes, limene lidayendera Nyasaland mu 1924, lidalimbikitsa kuti sukulu ziike patsogolo kuumba khalidwe, ukhondo ndi ulimi. Mu 1926 boma lidakhazikitsa nthambi yoona zamaphunziro, ndipo patangopita zaka zochepa lidatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, yophunzitsa aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi pamodzi ndi akazi awo, ndipo pambuyo pake mafumu. Sukulu zenizenizo zidatsalabe m'manja mwa mipingo.

[KANYIMBO]

Kwa amene atsegula wailesi kumene, pulogalamu ino ikukamba za mbiri ya maphunziro a makhalidwe m'sukulu za m'Malawi, ndipo yafika pa nthawi ya ufulu wodzilamulira.

Dziko litalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, udindo wonena kuti khalidwe labwino n'liti udasamukira ku chipani cholamula. Dr Hastings Kamuzu Banda adaika ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mwana aliyense wa sukulu ankazidziwa pamtima. Phunziro la Bible Knowledge lidapitirira, Civics inkaphunzitsa za boma ndi udindo wa nzika, ndipo gulu la Malawi Young Pioneers, limene lidayamba mu 1963, linkatumiza alangizi ake m'sukulu kukaphunzitsa masewero olimbitsa thupi, perete ndi mbiri ya Ngwazi Kamuzu Banda. Chaka chilichonse pa Sabata ya Achinyamata ana ankalambula misewu, kukonza milatho ndi kuthandiza okalamba. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 lidaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali.

Akuluakulu ambiri amaikumbukira nthawi imeneyi ndi chisoni cha chinthu chotayika, ndipo zina mwa zimene amanena n'zoona. Mwana ankafika pasukulu belu lisanalire, mphunzitsi ankalemekezedwa m'mudzi, katundu wa sukulu sankaonongedwa wamba. Koma mwambo umenewo unkayendera limodzi ndi mantha. Ngodya zonse zinayi zinkaloza kwa munthu mmodzi, ndipo pa zinayizo panalibe ya chilungamo kapena ya kunena zoona. A Mboni za Yehova ataletsedwa mu 1967, n'kuyamba kuzunzidwa chifukwa chokana kugula makadi a chipani, ana awo ambiri adachotsedwa m'sukulu, ndipo ozunzawo kawirikawiri anali achinyamata ophunzitsidwa bwino kumvera. Maphunziro a makhalidwe amene amathera pa kumvera amapereka mwana kwa aliyense amene wagwira ndodo. Mabishopu Akatolika atatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi 1992, yodzudzula kusowa kwa ufulu wolankhula pamodzi ndi mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba anali m'gulu la oyamba kuyenda pamsewu kuivomereza.

Zitatero zinthu zidasintha mothamanga. Riferendamu ya zipani zambiri idachitika pa 14 Juni 1993, lamulo la kavalidwe lidathetsedwa chaka chomwecho, asilikali adalanda zida za apayoniya mu Disembala, ndipo chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chidabweretsa boma la Bakili Muluzi. Boma latsopanolo lidachotsa fizi kupulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Aphunzitsi pafupifupi 20,000 adalembedwa ntchito asanapite kukoleji. Anthu amakonda kunena kuti demokalase ndiyo idaononga khalidwe la ana, koma chiwerengerochi chikufotokoza zambiri kuposa mawu amenewo. Mphunzitsi amene kale ankadziwa mwana aliyense ndi kwawo komwe adapezeka ali pansi pa mtengo ndi ana oposa 100, ena sakuwadziwa n'komwe maina. Ngodya zinayi zidachotsedwa, ndipo kwa zaka zingapo panalibe chodziwika chimene chidalowa m'malo mwake, kupatula mawu akuti ufulu, amene aliyense ankawamva m'mene akufunira.

Chimene chidakakamiza Unduna wa Zamaphunziro kuchitapo kanthu msanga ndi Edzi. Matendawa adapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, ndipo Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma amene adakhudzidwa kwambiri. N'chifukwa chake bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kupereka ma ARV m'bomali mu 2001, n'kufikitsa chithandizocho m'zipatala zazing'ono monga cha ku Milepa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 phunziro la Life Skills lidalowa m'sukulu, ndipo makalabu a Edzi Toto adafalikira. Phunziroli lidabwera ndi kaphunzitsidwe kachilendo. M'malo mouza mwana kuti ichi n'choletsedwa basi, limamuphunzitsa kudzidalira, kukana anzake akamamukokera ku zoipa, kuganizira zotsatira asanachite chinthu, ndi kuthetsa mkangano popanda ndewu. Aphunzitsi ambiri adavutika nalo, makamaka mitu yokhudza kutha msinkhu ndi kugonana, chifukwa pamwambo nkhani zotere amakamba ndi anankungwi, osati bambo wachilendo pamaso pa anyamata ndi atsikana pamodzi. Ena ankangoidumpha mituyo. Pambuyo pake phunziroli lidaikidwa pa mayeso kuti lisamanyozedwe, ndipo pamenepo padabuka vuto lina: mwana amatha kulemba bwinobwino njira zokanira chiphuphu n'kukhoza, pamene m'thumba mwake muli likasa.

Mkangano waukulu udabuka mu 2000, pamene unduna udachotsa Bible Knowledge kusekondale n'kuika Religious and Moral Education, phunziro lofotokoza Chikhristu, Chisilamu ndi chipembedzo cha makolo pamodzi. Mipingo, imene ndi eni ake a sukulu zambiri, idakana kwamtuwagalu, ndipo ena adaganiza kuti Pulezidenti Muluzi, pokhala Msilamu, akufuna kulowetsa Chisilamu m'sukulu. Asilamu nawo adafunsa chifukwa chimene ana awo aziphunzirira Baibulo lokha m'sukulu zoyendera misonkho ya aliyense. Muluzi adaimitsa silabasi yatsopanoyo, ndipo zokambirana zitatha adagwirizana zoti maphunziro onse awiri akhalepo, sukulu izisankha. Mgwirizanowo udazimitsa moto koma sudayankhe funso. M'madera osakanikirana ngati Chiradzulu, kumene tchalitchi ndi mzikiti zimayang'anizana pamsewu umodzi, mwana amaphunzira zimene mwini sukulu adasankha, ndipo ana a mudzi umodzi amatha kumaliza sukulu osadziwa chimene mnzawo wa pabenchi amakhulupirira.

Nkhani zina zidakathera kukhoti ndi pagome la zokambirana. Mu 2019 sukulu ya M'manga ku Balaka idatsekedwa chifukwa cha mkangano wa hijabu, ndipo mu 2021, mothandizidwa ndi Public Affairs Committee, atsogoleri Achikhristu ndi Achisilamu adasainirana mgwirizano wolola atsikana kuvala hijabu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Mu Meyi 2023 khoti lalikulu ku Zomba, pamaso pa Justice Zione Ntaba, lidagamula kuti n'kulakwira malamulo kukaniza ana Achirasta sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Mtsikana wotenga mimba, amene kale sukulu inkathera pomwepo, adaloledwa kubwerera kuyambira mu 1993, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti ukwati uziyambira zaka 18. Zonsezi zikusonyeza kuti tanthauzo la mwana wakhalidwe lasuntha. Kale linkayezedwa ndi tsitsi, siketi ndi kugwada. Lero malamulo akufunsanso khalidwe la sukuluyo kwa mwana.

[KANYIMBO]

Pofuna kuona bwino njira ya Malawi, n'kothandiza kuyang'ana dziko limene lidatenga njira ina. Dziko la China, limene lidakhazikitsa ubale ndi Malawi mu Disembala 2007 ndi kuthandiza kumanga yunivesite ya MUST ku Thyolo, lili ndi mbiri yaitali pa nkhaniyi. Ziphunzitso za Confucius, amene adakhala ndi moyo kuyambira 551 mpaka 479 Yesu asanabadwe, zinkatsindika kulemekeza makolo, kudziletsa ndi kukhulupirika kwa wolamula, ndipo kwa zaka pafupifupi 1,300 munthu ankalowa ntchito ya boma pokhoza mayeso a mabuku amenewo, mpaka mayesowo adathetsedwa mu 1905. Chipani cha Chikomyunizimu chitatenga boma mu 1949 chidaika zikondi zisanu: kukonda dziko, anthu, ntchito, sayansi ndi katundu wa boma. Mu 1963 Mao Zedong adauza dziko lonse kuti litengere chitsanzo cha msilikali wachinyamata Lei Feng. Kenako padabwera zaka za Cultural Revolution, 1966 mpaka 1976, pamene sukulu zidatsekedwa kwa nthawi ina ndipo ophunzira okhulupirika kwa mtsogoleri adazunza aphunzitsi awo omwe. Mmalawi wokumbukira zaka za makadi a chipani sangadabwe kwambiri ndi nkhani imeneyi.

Lero ku China phunziroli limatchedwa Makhalidwe ndi Malamulo, dzina limene lidayamba mu 2016. Kuyambira mu 2017 mabuku ake ndi amodzi m'dziko lonse, olembedwa moyang'aniridwa ndi boma. Mu 2021 maganizo a Xi Jinping adalowetsedwa m'silabasi, mu 2022 ntchito zamanja monga kuphika, kusesa ndi kulima ndiwo zidakhala phunziro lapalokha, ndipo pa 1 Januwale 2024 lidayamba kugwira ntchito lamulo la maphunziro a kukonda dziko. Kumeneko mwini wa maphunziro a makhalidwe ndi mmodzi, ndipo mphunzitsi aliyense akudziwa chimene akuyenera kunena. Ku Malawi eni ake ndi ambiri: boma, mipingo, mizikiti, mafumu, mabungwe ndi makhoti. Njira ya China ili ndi dongosolo limene Malawi alibe, ndipo kuika ntchito zamanja pa ndandanda ya maphunziro n'chinthu choyenera kuchiganizira, makamaka m'dziko limene khasu ndi chikwanje pasukulu zimadziwika ngati zida za chibalo. Koma buku limodzi lolembedwa ndi chipani chimodzi Amalawi adaliyesa kale kwa zaka pafupifupi 30, ndipo adalikana okha pa riferendamu.

Tsogolo la maphunziro amenewa m'Malawi likudalira zinthu zingapo, ndipo choyamba ndi mphunzitsi. Mwana amaphunzira khalidwe poona kuposa pomva. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE adaimitsidwa chifukwa mapepala adabedwa n'kumwazika pa mafoni, ndipo ophunzira adalembanso mu Januwale 2021. Amene adatulutsa mapepalawo sanali ana. Mphunzitsi wochedwa kulandira malipiro, wopanda nyumba pafupi ndi sukulu, wothamangira kukaphunzitsa ana olipira masana, amavutika kukhala chitsanzo, ndipo mphunzitsi wochita chibwenzi ndi mwana wa sukulu amagwetsa m'tsiku limodzi zimene buku lamanga chaka chonse. Makoleji a aphunzitsi, monga ya Chiradzulu ndi ya Montfort ku Nguludi, ndiwo malo oyambira. Unduna udaletsa kukwapula, koma mphunzitsi amene walandidwa chikoti osaphunzitsidwa njira ina amatsala ndi ziwiri: kutuma mwana kukakumba dzenje nthawi ya kalasi, kapena kungomusiya.

Chachiwiri ndi umphawi, umene mabuku a makhalidwe sakonda kuutchula. Pa tsiku la msika m'malo a malonda ngati Milepa mabenchi ena m'kalasi amakhala opanda anthu, chifukwa ana atumidwa kukagulitsa mandasi, tomato kapena nandolo. Mwana wotere sadajombe chifukwa cha mwano. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, kafukufuku wa boma adapeza mimba za atsikana zoposa 40,000 ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'miyezi yochepa. Atsikana amenewo adaphunzira Life Skills ngati anzawo onse. Chimene chidasowa ndi sukulu yotsegula, chakudya pakhomo ndi wamkulu wowayang'anira.

Palinso aphunzitsi atsopano amene sadalembedwe ntchito ndi unduna: foni yam'manja, nyumba zoonetsera mafilimu pamisika, ndi malo obetcherana pa mpira. Mwana wa Sitandade 7 amatha kuona pa foni ya mnzake zinthu zimene nankungwi ndi mphunzitsi onse sadazikonzekere. Silabasi imatenga zaka kuti isinthidwe, ndipo pa mbali imeneyi yatsalira.

Masomphenya a Malawi 2063, amene adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, adaika kusintha kaganizidwe pakati pa zinthu zoyendetsera chitukuko, ndipo akatswiri ambiri a maphunziro akulimbikitsa kuti maziko a zonsezi akhale umunthu, chifukwa Mkhristu, Msilamu ndi wachipembedzo cha makolo onse amaumva ndipo palibe amene angati ndi wake yekha. Maganizowa ndi abwino, malinga umunthuwo usasanduke mutu wina woloweza pokonzekera mayeso. Kumene zinthu zikuyenda, zikuyenda chifukwa eni ake ambiri aja akhala pansi pamodzi. Mafumu amalamula kuti zinamwali zizichitika patchuthi ndipo ana azituluka sukulu isanatsegulidwe. Amayi a mother group amayenda khomo ndi khomo kubweza atsikana osiya sukulu. Komiti ya sukulu imaitana kholo ndi mwana pamodzi mlandu usanakule.

Makolo a ku Milepa ndi madera ozungulira ali ndi malo awo m'ntchito imeneyi. Msonkhano wa PTA ukaitanidwa apite, akafunse ngati sukulu yawo imaphunzitsa Bible Knowledge kapena phunziro la zipembedzo zonse ndi amene adasankha, akafunse chibalo chimene ana amapatsidwa ndi nthawi imene amachigwira, ndipo apemphe kuona buku la Life Skills la kalasi ya mwana wawo.